Kodi Uyu Ndi Sreeja?

Kakkanad, Kochi
19 Ogasiti 2024

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutani pokwera makwerero a kuntchito. Musadabwe kuona pepala m'malo mwa uthenga wa pa foni. Ine amene ndimadyera mafoni, lero ndachita kukagula envulopu, ndipo dzanja layamba kale kuwawa chifukwa linaiwala kugwira cholembera. Chifukwa chake n'chakuti mukaimba Lachisanu, Amayi amaika foni pakati pa thebulo kuti tonse timve, ndipo pali nkhani zina zimene pa thebulo limenelo sizinenedwa.

A Sasi, anzanu aja, tchuthi chawo chatha ndipo akubwerera kwanuko ku Sohar Lachinayi, ndiye ndawapempha kuti akupatseni phukusili m'manja. Muli mango a tsabola amene Amayi anakonza, tchipisi cha nthochi, ndi mafuta opaka pa bondo. Pansi penipeni pali kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Chonde musakatsegule musanamalize kuwerenga.

Kwathu ku Chalakudy mvula yagwa yambiri, koma chaka chino mtsinje sunafike pampanda. Mtengo wa kokonati wa kuseri kwa khitchini uja unapendekeka mpaka kutsamira denga, ndiye tinaitana anthu kudzaudula. Amayi anaulira ngati wachibale. Shuga wawo watsika, ndipo ayamba kale kukonzekera chikondwerero chathu cha Onam, kufunsa mitengo ya nthochi ndi kukangana ndi telala.

Ndazungulira mokwanira, Bambo. Amayi anakuuzani kuti akuchimuna anabwera kudzaona mkulu wanga, Achemwali Sreeja, koma nyenyezi zobadwira za awiriwo sizinagwirizane. Anakuuzaninso kuti Achemwali asamukira kunyumba zogona za pachipatala ku Thrissur chifukwa ntchito yoyeza magazi yawachulukira. Ine ndinali pomwepo, ndipo mutandifunsa ndinayankha kuti ndi zoona. Nyenyezi zilibe mlandu. Zinagwirizana bwinobwino, mwina kuposa zanu ndi za Amayi. Achemwali anachoka panyumba chifukwa cha ine, ndipo akuti ngakhale pa Onam sabwera, apempha kuti awaike pa ntchito tsiku limenelo. Ndili ndi manyazi moti ndimalephera kuyang'ana bedi lawo ndikapita kunyumba.

Kuti mumvetse, ndiyambe ndakufotokozerani ntchito yanga, chifukwa ndikudziwa kuti anzanu mumawauza kuti mwana wanu amakonza mafoni. Mpaka mmodzi wa iwo ananditumizira foni yosweka galasi. Ine sindikonza mafoni, Bambo. Kampani yathu ili ndi pulogalamu yosungira zithunzi za banja, yomwe ija ndinakuikirani mutabwera chaka chatha. Chithunzi chilichonse chili ndi mbiri yake: anajambula ndani, liti, kuti, mulinso ndani ndi ndani, ndiponso ngati wina anachisintha. Ntchito yanga ndi kuganiza kuti mbiri imeneyi ioneke bwanji pa kagalasi kakang'ono ka foni, mawu akhale pati, batani likule bwanji, chala cha munthu chipite kuti.

Ndisanajambule kanthu, ndinatha miyezi ndikuyenda m'makomo mwa anthu, kumwa tiyi wawo n'kumayang'ana zala zawo. Ndinaona azigogo akusakasaka chithunzi cha ukwati wa mdzukulu pakati pa zithunzi za maluwa zofunirana tsiku labwino. Ndinaona bambo wina akulira chifukwa samakumbukira kuti amene anaima pambali pa malemu mayi ake pachithunzi ndi ndani, ndipo wofunsa kunalibenso. Ndinaphunziraponso chinthu chimodzi chachikulu: anthu sawerenga. Foni ikawafunsa funso, amadina batani lalikulu lomwe lili pafupi ndi chala chachikulu, basi. Ndiye ndinakonza kuti ukakankha chithunzi m'mwamba, mbiri yake izituluka m'zilembo zazikulu za chilankhulo chathu, zoti nkhalamba iwerenge popanda magalasi. Tsiku limaoneka pa makalendala onse awiri, wa boma ndi wathu.

Pulogalamuyi imaphunziranso nkhope. Mukukumbuka tsiku lomwe ndinaikamo chithunzi chanu chakale chija, muli mnyamata wopanda ndevu, mutagwira njinga ya eni? Foni inayang'ana n'kufunsa kuti, "Kodi uyu ndi Sreeja?" Munaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinafuna kudina "Ayi" kuti ndiikonze, koma Achemwali anandilanda foni.

"Usakhudze!" anatero. "Mwamva nonse? Ngakhale makina akudziwa kuti ine ndine mwana wa ndani. Iwe Keerthi kafufuze kwanu, mwina anakutola pa siteshoni."

Kuntchito kunali mkangano umodzi wokha waukulu. Ine ndinkafuna kuti chithunzi chikasinthidwa, mbiri izinena poyera, ndiponso kuti munthu akatsamiritsa chala pachithunzipo kwa kanthawi, chizibwerera mmene chinalili pojambula. Bwana wathu, a Kuruvilla, anakana.

"Keerthi, anthu safuna choonadi, amafuna kuoneka bwino pa ukwati wa msuweni wawo," anatero. "Kabise zimenezo kuseri kwa timadontho titatu tija ta pakona pa galasi. Wofuna akafukule yekha."

"Bwana, chithunzi cha banja ndi umboni," ndinayankha pamaso pa onse. "Zidzukulu zathu zidzaidziwa bwanji nkhope yeniyeni ya agogo awo, ngati aliyense akudzipenta mwakachetechete?"

Ndinalalikira tsiku limenelo, Bambo, mukanandimva mukanapereka chopereka. A Kuruvilla anakweza manja nati ndichite zomwe ndikufuna. Ndinakonzanso kuti munthu akamatumiza chithunzi kwa mnzake, foni izimufunsa kuti, "Chipite ndi mbiri yake?" Batani la "Inde" ndinalipanga lalikulu, lobiriwira, pansi penipeni pa chala. La "Ayi" ndinalichepetsa, lotuwa, n'kulikankhira pakona. Ndinkadziwa chomwe ndikuchita. Tsiku lotulutsa pulogalamuyi anandiombera m'manja, tinadya keke, ndipo ndinakutumizirani chithunzi chake. Paja amati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

A Velayudhan mukuwadziwa, ofunira anthu mabanja aja, oyenda ndi ambulera ngakhale kulibe mvula. Kale ankanyamula zithunzi za atsikana m'chikwama chachikopa, n'kumasokoneza mwana wa uje ndi wa uje. Ndi ine ndinawaikira pulogalamu yathu, ndikudzitama, kuti azilemba dzina, msinkhu ndi nyenyezi ya aliyense pansi pa chithunzi chake. Anaikonda kwambiri. Mwezi wa Juni anabwera ndi nkhani ya mnyamata wa ku Kodakara, dzina lake Ajayan, mphunzitsi wa zamagetsi pa koleji, ndipo anapempha chithunzi chatsopano cha Achemwali.

Linali Loweruka masana, Achemwali ali kuntchito. Amayi ankapala kokonati pakhonde la kukhitchini, ine ndikuwaonetsa zithunzi. Tinasankha chija Achemwali anavala nsalu ya sari yobiriwira, ataima pafupi ndi chitsime, akuseka chifukwa mphaka anali atagwera m'ndowa.

"Chimenechi ndiye chabwino," anatero Amayi. Kenaka anatsitsa mawu ngakhale tinali awiriwiri. "Tangochiwalitsa pang'ono, mwanawe."

"Amayi!"

"Amayi chiyani? Ndati umudule mphuno? Aliyense amatero, ngakhale ojambula a m'tauni. Mabanja angati abwera pano, kudya zitumbuwa zanga, n'kunena kuti tikudziwitsani? Omaliza aja sanabise n'komwe, anati mtsikana ndi wabwino koma khungu. Angobwera kaye adzamuone, akamva mmene amalankhulira aiwala zonse."

Apa ndikanatha kuimika cholembera n'kuwasenzetsa Amayi katundu yense, ndipo mukanandikhulupirira. Koma Amayi sadziwa ngakhale pomwe pamakhala batani lake. Ndipo pali china chomwe simukuchidziwa. Kuntchito kuli mnyamata, dzina lake Nikhil. Zambiri ndidzanena mukabwera, ndikadzalimba mtima. Makolo ake akhala akufunsa kuti abwere liti kudzaonekera, ndipo Amayi, omwe anaitulukira nkhaniyi kalekale, anandiuza mawu amodzi okha: wamng'ono salumpha wamkulu. Choncho masana amenewo, nditagwira foni m'manja, sindinkaona mkulu wanga amene ankandiperekeza kusukulu atandibereka kumsana powoloka madzi. Ndinkaona chitseko chomwe chikuchedwa kutseguka.

Ndinakoka kamzere kowalitsira. Amayi anasuzumira nati ndionjezeko, ndinaonjeza. Kenaka anati, "Basi, pamenepo," n'kulowa m'nyumba kukaika mpunga pamoto. Ndinasunga chithunzicho. Nditatsala ndekha ndinachitsegulanso, n'kukokanso kamzere kaja, patali ndithu. Panalibe wondituma.

Foni inandichenjeza, Bambo. Foni yomwe ija imawazindikira Achemwali ngakhale atatembenukira kumbali, ngakhale pankhope yanu, inayang'ana chithunzi chatsopanocho n'kutulutsa kabokosi kopanda kanthu: "Uyu ndani?" Munthu wanzeru akanaimira pomwepo. Ine ndinangoti makinawa ali ndi vuto, ndikawauza anyamata a kuntchito Lolemba, ndipo ndinalembamo ndi chala changa kuti Sreeja. Potumiza kwa a Velayudhan, funso lija linabwera, loti chipite ndi mbiri yake kapena ayi. Sindinaliwerenge. Chala changa chinapita komwe ndinaphunzitsa zala za anthu onse kupita.

Anabwera Lamlungu lachiwiri la Julaye, mvula ikuwaza. Panali Ajayan, mayi ake, azakhali ake, ndi a Velayudhan. Mwambo wake mukuudziwa: amuna kukamba za mvula ndi msewu, Amayi kuseka zosaseketsa, kenaka kuitana mtsikana kuti abweretse tiyi. Achemwali analowa ndi thireyi, atavala sari yobiriwira yomwe ija, popeza Amayi anaumirira. Ine ndinali pambuyo pawo, pakhomo la kukhitchini, ndi mbale ya zitumbuwa.

Azakhali aja, mayi wonenepa wa zibangili zambiri, anawayang'ana Achemwali kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anapisa m'chikwama n'kutulutsa foni.

"A Velayudhan, mwatilowetsa nyumba yolakwika kapena?" anafunsa. "Kapena pano pali ana atatu, winayo mwamubisa?"

"Aa, mayi, ndi dzuwa limenelo," anatero a Velayudhan, akupukuta thukuta ngakhale kunali kozizira. "Makamera a masiku ano, mukudziwa, akaona sari yobiriwira amabalalika."

Azakhali ananyamula foni m'mwamba, kufupi ndi nkhope ya Achemwali, ngati munthu wosankha nsalu pamsika. Poigwira choncho, chala chawo chinatsamira pagalasi. Ine ndinaona chomwe chikubwera.

"Ii! Chasanduka!" anakuwa. "Taonani, mlamu! Ndikagwira chikuda, ndikasiya chikuyera. Ndikagwira, ndikasiya. Zamatsengatu izi!"

Foni inayenda m'manja. Mayi a Ajayan anayesa, a Velayudhan anayesa, aliyense kugwira ndi kusiya nkhope ya mwana wanu, mwini wake ataima pomwepo ndi thireyi yolemera. Pobwerera kwa azakhali, chala chinaterereka n'kukankha chithunzi m'mwamba, ndipo mbiri inatuluka. Sanafune magalasi. Ndinali nditaonetsetsa kuti nkhalamba isadzawafune.

"Khungu lawalitsidwa," anawerenga mokweza, mawu amodzi amodzi. "Wasintha: Keerthi. Khungu lawalitsidwanso. Wasintha: Keerthi." Anadzutsa mutu. "Keerthi ndi ndani?"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika kuti ndilowemo ndi mbale yomwe. Amayi anayang'ana denga. Achemwali anaika thireyi pa thebulo mwaulemu, osataya ngakhale dontho, n'kutambasula dzanja.

"Mungandibwerekeko foniyo, mayi?"

Anagwira, anasiya. Anagwiranso, anasiya. Anawerenga mizere iwiri ija mwakachetechete, kenaka anabweza foni ndi manja awiri.

"Keerthi ndi mng'ono wanga, uyo waima apoyo," anatero. "Ndi amene anakonza pulogalamuyi. Ndi waluso kwambiri. Mwaona nokha, sinama."

Atatero anayamba kugawa tiyi, kuyambira kwa akuluakulu, n'kumafunsa aliyense ngati shuga wakwana. Ndikanakonda akanandiponyera kapu kumaso.

Ndiyenera kunena zabwino za Ajayan, chifukwa Amayi sanakuuzeni. Mnyamatayo sanaigwire foni ija. Azakhali atayambanso kulankhula, anawadula.

"Azakhali, ikani foniyo m'chikwama," anatero. "Ine ndinazigwira zimenezo tsiku lomwe chithunzi chinafika. Ndinaona zonse ziwiri. Mukuganiza kuti ndabwera kudzaona uti?"

"Ndiye unkadziwa, osatiuza?"

"Munafunsa za nyenyezi ndi za malo. Za nkhope simunandifunse."

Anamwa tiyi wake mpaka kutha, ndipo anatenga chitumbuwa m'mbale yanga osandiyang'ana. Patapita masiku angapo, a Velayudhan anabwera kudzanena kuti mnyamatayo akufunabe, ndipo mayi ake avomera. Choncho si akuchimuna anakana, Bambo. Achemwali anawayankha pa foni kuti, "Mukamuuze kuti sindikumukana iyeyo. Koma ndisanalowe m'nyumba ya eni, ndiyambe ndadziwa ngati ndinali nayo yanga." Mpaka lero mnyamatayo akudikira, koma munthu sadikira mpaka kalekale.

Ndabwerera m'mbuyo pang'ono. Alendo atangochoka tsiku lija, Achemwali analowa kuchipinda kwathu n'kutsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. Ndinawatsatira. Ndinayamba kulira, kupepesa, kunena kuti Amayi ndiwo anandituma.

"Amayi ndinawazolowera," anatero akupinda zovala. "Anayamba kundipaka chikasu ndi mkaka kuti ndiyere ndisanayambe sukulu. Ankandiletsa kusewera padzuwa iwe ukuthamanga bwalo lonse. Amaopa, ndipo mantha awo ndimawadziwa. Mzere woyamba uja ndikumudziwa mwini wake."

Anaima, n'kundiyang'ana koyamba.

"Koma mizere ndi iwiri, Keerthi. Wachiwiriwo anakutuma ndani?"

Anapitiriza osandidikira.

"Unayamba liti kundiona choncho? Tikusamba limodzi pachitsime, unkandiona choncho? Ukubwereka malaya anga?"

"Achemwali, sindinaganize..."

"Unaganiza. Ntchito yako ndi kuganiza. Ukanangondiuza kuti ndakutsekera njira ya kwa Nikhil wakoyo, ndikanawauza ndekha Amayi kuti akulole utsogole. Ndikanavina pa ukwati wako mpaka miyendo kutupa."

Sindinkadziwa n'komwe kuti akudziwa za Nikhil. Anatseka sutikesi, anapempha ambulera kwa Amayi ngati mlendo, n'kukakwera basi ya ku Thrissur.

Ndapitako kuchipatala kawiri. Sandithamangitsa ayi. Amatuluka atavala chovala chawo choyera cha kuntchito, amandigulira tiyi ku kantini, amafunsa za shuga wa Amayi ndi za sitima ngati inali yodzaza. Nthawi ikakwana amayang'ana wotchi n'kunena kuti odwala akudikira. Ulemu umenewo ukundipha, Bambo. Munthu amene ankanditcha wotoledwa pa siteshoni tsopano amandithokoza chifukwa chobwera.

Mu pulogalamu ija, m'zithunzi za banja lathu, anachitamo chinthu chimodzi chokha. Analowa n'kufufuta dzina lawo pa chithunzi chowalitsidwa chija. Ndiye chilipo, mkazi wachilendo wa sari yobiriwira pafupi ndi chitsime chathu, ndipo nthawi iliyonse ndikatsegula, foni imandifunsa kuti, "Uyu ndani?" Ndikhoza kuchichotsa, koma mbiri idzalemba kuti wachotsa ndi Keerthi, ndipo Achemwali adzaona mzere wachitatu. Msampha umenewu ndinautchera bwino kwambiri.

Kuntchito nako madandaulo ayamba kufika. Sindili ndekha amene chala chinamupereka. Wina zinamuchitikira pa chithunzi chofunsira ntchito, wina chithunzi chinaulula malo amene anauza mkazi wake kuti sanapiteko. A Kuruvilla anandiitana sabata yatha.

"Ndinakuuza, mlaliki," anatero. "Tibise?"

Ndinawayankha kuti mbiri ikhale, chifukwa si mbiri inalakwa. Koma mabatani awiri aja akhale ofanana kukula ndi mtundu, ndipo munthu asanatumize, foni izimuonetsa poyera chomwe mnzakeyo akaone. Ngati akufuna kunama, aname akuyang'ana. Anandiyang'anitsitsa, n'kufunsa kuti mawu anga a paguwa aja apita kuti, popeza ndinkalankhula ngati wodwala chimfine. Ndinati ndi mvula. Ndikujambula mabatani atsopanowo tsopano, ndipo ndi ntchito yochepa yomwe ikunditengera nthawi yaitali kuposa ina iliyonse. Nikhil ndamuuza kuti makolo ake asabwere. Sanakondwe, koma zimenezo ndi zanga.

Tsopano mukhoza kutsegula kanthu ka m'nyuzipepala kaja.

Mwakazindikira, ndi mafuta oyeretsa khungu aja. Kanali m'phukusi lomwe munatumiza ndi a Sasi pobwera ku tchuthi, pakati pa zipatso za kanjedza ndi sopo. Pabokosi pake munamata kapepala, ndipo munalembapo ndi dzanja lanu kuti Sreeja. Phukusilo ndinalitsegula ndine, Amayi ali kukachisi. Ndikudziwa kuti ndi Amayi anakupemphani, kale ndithu, nkhani ya Ajayan itangoyamba, ndipo mwina anangokupatsani dzina la mafutawo kuti mukaonetse wa m'sitolo. Mwina simunawerenge, popeza zolemba zake ndi za Chiarabu ndi Chingerezi. Koma pabokosipo pali chithunzi cha mkazi wa nkhope ziwiri, ina yakuda yogwetsa maso, ina yoyera yomwetulira. Chithunzi chimenecho sichifuna kuwerenga.

Sindikukufunsani kanthu, Bambo. Ndine womaliza padziko amene angafunse munthu funso lotere. Ndikudziwa zomwe abale a Amayi ankanong'onezana za khungu lanu pa ukwati wanu, chifukwa amazinenabe akamwa, ndipo mwina munangofuna kuti mwana wanu asamve zomwe inu munamva. Koma ndikuuzeni chomwe Achemwali ananena ulendo wachiwiri uja, mawu okha a mumtima amene anawatulutsa. Ndikunyamuka anati, "M'nyumba imene ija, amene sanafunepo kundichapa ndi Bambo okha."

Mafutawa sanawaone, ndipo sadzamva za iwo kuchokera kwa ine. Amayi ndinawauza kuti botolo linasweka m'njira. Mlaliki wa choonadi uja wanamanso, wabisanso mbiri, koma pa mabodza anga onse a chaka chino, ili lokha ndi limene sindichita nalo manyazi. Mukawataye kumeneko, kutali, kuchipululu.

Ndili ndi zopempha ziwiri, ndipo zonse si za ine. Choyamba, muwaimbire Achemwali pa nambala yawo, osati Lachisanu, osati kudzera pa thebulo lija. Amaweruka madzulo dzuwa lisanalowe. Musatchule nyenyezi, chifukwa ulendo watha munawatonthoza ndi nyenyezi, iwo n'kumangovomera kuti asakudandaulitseni. Muwauze kuti mukudziwa zonse. Musandipepesere, ndipo musawakakamize za Ajayan, ngakhale ndikuona kuti mnyamatayo ndi munthu. Mungowafunsa ngati angapite kunyumba pa Onam. Ngati vuto ndi ine, ndikhala kuno ku Kochi, ndidzadyera kwa anzanga. Tsamba la nthochi lodyerapo lawo lisakhale lopanda munthu chifukwa changa.

Chachiwiri ndi chaching'ono. Mumupemphe mmodzi wa anzanu akujambuleni, panja, padzuwa la kumeneko, mutavula chipewa. Asasinthe kalikonse, ngakhale imvi, ngakhale thukuta. Mukatero muchiike m'zithunzi za banja lathu, momwe ndinakuphunzitsirani muja. Achemwali anasiya kulembamo, koma ndimaona kuti amatsegula tsiku lililonse. Papita zaka zambiri kuchokera pa chithunzi cha njinga chija, ndipo sindingalonjeze kuti foni ikuzindikiraninso molakwika. Koma mphumi ndi yomweyo, ndi kasekedwe komwe, ndiye ndikuganiza kuti idzafunsa. Ikakufunsani kuti, "Kodi uyu ndi Sreeja?" musavutike kuwerenga zambiri. Mabatani atsopano sanatuluke. Lobiriwira lija, la "Inde," likadali pansi pa chala chanu.

Musamanyamule zolemera ndi bondo limenelo, ndipo mafuta ake muzipaka m'mawa ndi madzulo, osati pokhapokha likapweteka. Mango a tsabola musawapatse onse anzanu a m'chipinda monga mwa chizolowezi chanu. Mundiperekere moni kwa iwo, ndi kwa uja wa foni yosweka, mumuuze kuti ikadali m'kabati mwanga.

Amayi akupereka moni, ngakhale sakudziwa kuti ndalemba. A Velayudhan nawonso anati ndikupatseni moni, ndi kuti abwerera ku chikwama chawo chachikopa. Pamapeto pa makalata a kwathu pamakhala moni wa ana onse awiri, wamkulu poyamba. Wa Achemwali ndilibe. Sanandipatse, ndipo sindidzalembanso dzina lawo pamalo pomwe sanaliike okha. Ndasiya mpata pansipa, mukaumve nokha kwa mwini wake.

Ine mwana wanu wamng'ono,

Keerthi